Kalata kwa a Nduna ya Zaumoyo: mwana wanga anafunika mapiritsi, anafunikanso womumvetsera

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu undunawo, akuluakulu oyang'anira zaumoyo m'makhonsolo a Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay, Karonga, Chitipa ndi Likoma, komanso aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo,

Ndine mayi, mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu. Kwathu ndi ku Kasungu, koma ntchito inandibweretsa kuno ndipo ana anga onse anakulira kuno. Ndikulemba za mwana wanga wachiwiri, wamwamuna, amene wakhala ndi matenda a maganizo otchedwa schizophrenia kwa zaka 9, matenda amene munthu amatha kumva mawu amene ena sakuwamva. Dzina lake sinditchula. Kalatayi ndamuwerengera yonse ndisanaitumize, wachotsamo ziganizo ziwiri, zotsalazo wandilola.

Chaka chachiwiri cha matenda ake, ndikusesa m'chipinda mwake, tsache linakoka kachitini ka polishi wa nsapato pansi pa bedi. Kanalira mosiyana ndi chitini chopanda kanthu. Nditatsegula ndinapeza mapiritsi a haloperidol, ena atasungunuka mbali imodzi chifukwa anayamba akhala pansi pa lilime. Ndinawakhuthulira m'mbale n'kuwerenga, anakwana 47. Chonsecho m'mawa ndi madzulo ndinkamupatsa ndi dzanja langa, kapu ya madzi ili pomwepo, n'kumuyang'ana pakhosi akumeza. Ndiye kuti kwa masabata oposa atatu ankameza madzi okha. Ndinakhala pa simenti, mbale ili pamiyendo, ndikulira. Kenako mtima unabwera, ndipo atalowa ndinamukalipira mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimagwa nkhope. Sabata yotsatira anatuluka usiku. Tinakamupeza ku Katoto m'bandakucha, wopanda nsapato, mu June, kuzizira kwa kuno mukukudziwa.

Funso limene sindinamufunse, limenenso palibe anamufunsa kuchipatala, linali laling'ono: bwanji sukufuna kumwa? Yankho anali nalo. Mankhwala aja ankamuumitsa khosi. Manja ankanjenjemera moti supuni ya phala inkagunda mano. Akagona masana pilo ankanyowa ndi dovu. Kuyenda ankayenda chouma, mikono yosagwedera, ndipo anyamata a pa golosale anamupatsa dzina loti loboti. Tsiku lina maso anatembenukira kumwamba osafuna kubwerera, iye n'kutsimikiza mumtima kuti ine mayi ake ndikumuthirira. Anali ndi zaka 22. Zonsezi n'zodziwika kwa aliyense amene anaphunzira za mankhwalawa, ndipo zili ndi pothawira: kuchepetsa mlingo, kuwonjezera benzhexol (mankhwala ochepetsa kuuma ndi kunjenjemera), kapena kusintha n'kupereka ena monga risperidone. Koma kuti dokotala achite zimenezo ayenera kumva kaye vutolo, ndipo kumva kumafuna nthawi.

Chipatala chimene tinkapita sindichitchula, chifukwa vuto silinali la munthu mmodzi. Tinkafika 6 koloko m'mawa n'kukhala pa benchi, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Mukalowa, mafunso anali atatu. Ukugona? Ukudya? Mawu aja ukuwamvabe? Mwana wanga ankayankha kuti ayi, sakuwamva. Adokotala n'kulemba, pitirizani omwewo, mubwere mwezi wamawa. Mphindi zitatu, tatuluka. Sindinawakwiyire bambo amenewo, ndinkaona ndekha mzere umene unali panja ndi mmene maso awo analili ofiira pofika masana. Chitseko sichinkatsekeka, wotsatira ankaima pakhomo penipeni kumva zonse. Mnyamata sanganene pamalo otero, mayi ake ali pambali, kuti mankhwala amuchotsera mphamvu zachimuna. Sanganenenso kuti mawu aja akumuuza kuti ndi wachabechabe, kuli bwino afe. Ayi uja anali njira yotulukira msanga.

Ndisamveke ngati ndikunyoza mankhwala. Ndinaona moyo wopanda mankhwala ndipo sindiufuniranso munthu aliyense. Matenda anayamba ali ndi zaka 20, atangoyamba kosi ya zamagetsi. Anayamba kufunditsa wailesi bulangeti, akuti owulutsa mawu akukamba za iye. Anachotsa mabatire m'mafoni onse a m'nyumba. Nsima yanga ankainunkhiza n'kuikankha, amangodya mazira owiritsa amene wasenda yekha. Achibale ena anati ndi chamba. Ena anati walodzedwa chifukwa cha nzeru zake. Panalinso amene ananong'ona kuti bambo ake, amene anali atamwalira kale, anamukhwimira. Tinapita kumapemphero a kuphiri, tinasala kudya, tinapita kwa asing'anga awiri, mmodzi anamutema mphini pachipumi. Usiku wina amalume ake anamumanga manja ndi chingwe choyanikira zovala, ine ndili pomwepo, sindinaletse. Miyezi 8 inatha choncho. Titafika naye kuchipatala n'kuyamba mankhwala, pasanathe mwezi anagona usiku wonse, anadya nsima yanga, ananditchula kuti amayi. Pambuyo pake ndinamva kuti munthu akachedwa kuyamba chithandizo, kuchira kwake kumavutirapo. Miyezi 8 ija imandiwawabe.

M'zaka zimenezi ndawerenga zambiri, uphunzitsi sutha. Chlorpromazine, amene mpaka lero akuperekedwa m'zipatala zathu, anayamba kugwiritsidwa ntchito pa odwala maganizo ku Paris mu 1952, ndipo haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958. Mankhwalawa amachepetsa mphamvu ya dopamine, imene imanyamula mauthenga muubongo, ndipo mawu aja ndi mantha aja zimazilala. Mu 2012 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kupeza kuti pa odwala 100 amene asiyitsidwa mankhwala, 64 amadwalanso pasanathe chaka, pamene pa amene akupitiriza ndi 27. Kusiyana kumeneku ndi kwakukulu, ndipo aliyense wouza wodwala kuti taya mapiritsi wachiritsidwa akusewera ndi moyo wa mwana wa mwini. Koma chiwerengero chimenechi ndi cha mankhwala amene alowa m'thupi. A m'chitini cha polishi sawerengedwa.

Palinso zimene piritsi silifikako ngakhale litamezedwa bwinobwino. Mawu atazilala, mwana wanga anatsala ndi kukhala phee. Ankagona mpaka 11 koloko, kusamba mpaka kumukakamiza, kucheza ayi, kuseka ayi. Ine ndinkati ndi ulesi, osadziwa kuti nayonso ndi mbali ya matenda omwewo, mbali imene mankhwala saigwira kwenikweni. Anatsalanso ndi manyazi. Ankakumbukira zonse zimene anachita akudwala, mmene anakuwira pamsika wa Zigwagwa, mmene anamangidwira. Anzake a kukoleji anali atamaliza, ena akugwira ntchito. Munthu wotere mukamupatsa mapiritsi a mwezi n'kumuuza kuti apite, akupita kuti? Akubwerera m'chipinda chomwe chija, kwa mayi yemwe uja wokalipa, pakati pa anthu omwe aja omuloza chala.

Zinthu zinatembenuka titabwerera kuchipatala pambuyo pa usiku wa ku Katoto uja. Tinapezako namwino wina amene anaphunzira za matenda a maganizo ndi uphungu. Anatiuza kuti tidikire mzere uthe. Kenako anatitengera m'kachipinda kosungiramo mafayilo, anatseka chitseko, n'kundipempha mwaulemu kuti ndiyambe ndadikira panja. Anakhala ndi mwana wanga pafupifupi ola lathunthu. Potuluka maso ake anali otupa. Panjira anandiuza kuti: amayi, andifunsa kuti mawu aja amanena chiyani. Zaka ziwiri akudwala, aliyense ankangofunsa ngati akuwamva. Zimene amanena, palibe anafunapo kudziwa. Tsiku lomwelo namwino uja anakambirana ndi adokotala, mlingo unatsitsidwa, benzhexol anawonjezedwa, ndipo pasanathe masabata awiri supuni inasiya kugunda mano.

Anayamba kumuona Lachinayi lililonse. Njira imene ankatsata akatswiri amaitchula CBT, uphungu wothandiza munthu kuunika yekha maganizo ake, ndipo ndinaiona ndi maso mmene imayendera. Sankatsutsana naye. Ine ndinali nditatha zaka ziwiri ndikumuuza kuti za wailesizo ndi zamisala, ndipo ndikamatero m'pamene ankalimbikira. Namwino uja anangomufunsa kuti pa 10, ukukhulupirira kufika pati kuti wailesi ikunena za iwe? Anati 10. Ndiye anamupatsa kope la masamba 40, loti azilembamo tsiku, nthawi, zimene wamva, zimene ankachita zisanayambe, ndi chifukwa china chilichonse chimene chingafotokoze zomwezo. Sabata ina anagwirizana zoti ajambule pa foni pulogalamu ya madzulo, kenako amvetserenso m'mawa atagona bwino, pamodzi ndi mlongo wake, aliyense alembe zimene wamva. Anayerekeza mapepala awiriwo yekha. Palibe anamuuza kuti waona nanga. Patapita miyezi iwiri, 10 uja anafika pa 6, kenako pa 3. M'kope lomwelo anatulukira yekha kuti mawu amakula chakumadzulo akakhala yekha, ndiponso akagona mochedwa, koma amachepa manja ake akamagwira kanthu kapena akamamvera nyimbo. Anayamba kukonza mawailesi akufa a anthu oyandikana nafe nthawi ya madzulo imeneyo. Mwana amene ankafunditsa wailesi bulangeti.

Kenako inafika nthawi yanga, ndipo iyi ndi mbali imene ndikufuna muimve bwino, chifukwa m'dziko muno wodwala maganizo amasamalidwa ndi banja, osati wodi. Namwino uja anatiitana ine, mlongo wake ndi amalume aja a chingwe. Anatipempha kuti tifotokoze mmene tsiku limayendera kunyumba. Ndinafotokoza monyadira kuti ndimamudzutsa pomuvula bulangeti, ndimawerenga mapiritsi ngakhale pali alendo, akapita kuchimbudzi n'kuchedwa ndimakagogoda, ndipo ndimamukumbutsa tsiku ndi tsiku kuti anzake ali patali. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati: mayi, chikondi chanu sindikuchikayikira, koma mwanayu akukhala ngati ali pa mlandu usana ndi usiku. Zinandipweteka. Ndinapita kunyumba osalankhula. Koma zinali zoona.

Anatifotokozera kuti banja siliyambitsa matendawa, ndipo mawu amenewo anandichotsera katundu amene ndinasenza zaka ziwiri. Komabe mmene banja limalankhulira ndi wodwala zimathandizira kuti matenda abwerere kapena ayi. Zimenezi anazitulukira George Brown ndi anzake ku London zaka za m'ma 1960, ndipo Christine Vaughn ndi Julian Leff anazitsimikiza mu 1976. Odwala obwerera m'nyumba zodzudzula kwambiri, zaukali, kapena zowapanikiza ndi chisamaliro chopyola muyeso, pafupifupi theka ankadwalanso pasanathe miyezi 9, pamene m'nyumba zodekha anali 13 pa 100. Ine ndinali ndi ziwiri mwa zitatuzo, kudzudzula ndi kupanikiza. Tinaphunzira kulankhula chinthu chimodzi pa nthawi, mwachidule, mosakweza mawu. Tinaphunzira kuyamikira kusamba ngati ntchito, chifukwa kwa iye inalidi ntchito. Amalume anapepesa za chingwe, pamaso pa tonse. Ndipo kuseri kwa kalendala ya kukhitchini tinalemba, iye mwini akutchula, zizindikiro zake zoti matenda akubwera: kusagona masiku awiri otsatizana, kutseka makatani masana, kuyamba kununkhiza chakudya. Pansi pake tinalemba chochita ndi woyenera kuuzidwa. Kawiri konse kalendala imeneyo yatipulumutsa ku kugonekedwa.

M'zokambirana zomwezo ndi mmene iye mwini anasankha jakisoni wa fluphenazine wa mwezi ndi mwezi m'malo mwa mapiritsi, kuti nkhani ya kumeza ichoke pakati pa ine ndi iye. Anasankha yekha, atauzidwa ubwino ndi kuipa kwake. Chimene munthu wasankha yekha sachibisa m'chitini.

Sindikunena kuti uphungu ndi mankhwala amatsenga. Akatswiri eni ake amavomereza kuti CBT payokha mphamvu yake ndi yapakatikati, ndipo singalowe m'malo mwa mankhwala. Mwana wanga mawu amawamvabe nthawi zina, makamaka akatopa. Kosi ija sanaimalize. Koma lero ali ndi kabenchi kake kokonzerapo mafoni ndi mawailesi, amagula yekha sopo, ndipo mwezi watha anagulira mwana wa mlongo wake yunifolomu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse odwala matendawa amachira zizindikiro zonse. Ambiri mwa otsalawo angathe kukhala moyo ngati wa mwana wangayu, wa ntchito ndi ulemu, ngati pali wowagwira dzanja.

Patatha chaka ndi theka namwino uja anasamutsidwa. M'malo mwake simunabwere wina wa maphunziro ngati ake. Kachipinda ka mafayilo kanabwerera kukhala ka mafayilo. Ife tinali titaphunzira kale, tinapitiriza tokha. Koma pa benchi paja ndimakhala ndi amayi atsopano mwezi uliwonse, ndipo ndimawaona akuchita zomwe ndinkachita ine, kukalipira mwana pagulu, kumuyankhira mafunso, kumutchula waulesi. Ndimayesa kuwanong'oneza zimene ndinaphunzira. Koma ine si namwino, ndipo thandizo limene linasintha moyo wa banja langa lisakhale la mwayi, loti zimadalira amene wapezeka pa ntchito chaka chimenecho.

A Nduna, mu 2022 WHO inati matendawa amagwira munthu mmodzi pa anthu 300 alionse, anthu pafupifupi 24 miliyoni padziko lonse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mu mzinda wa Mzuzu. Mukagawa mupeza anthu oposa 700 mumzinda uno wokha, ndipo chigawo chonse cha kumpoto, cha anthu pafupifupi 2.3 miliyoni, chikhala ndi oposa 7,000. Amene timawaona akutola zinyalala kudepoti ndi ochepa chabe mwa amenewa. Ambiri ali m'zipinda zakuseri ku Mchengautuba, ku Zolozolo, ku Chiputula, ndi m'midzi ya kutali kumene galimoto ifika kamodzi pa tsiku. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Kuno kumpoto tadalira kwambiri abale a St John of God, amene anafika mu Mzuzu mu 1993, ndipo mabanja ambiri aima chifukwa cha ntchito yawo. Koma maboma 6 sangasenzedwe ndi bungwe limodzi la mpingo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili mwini wake ndi boma.

Ndikudziwa yankho limene limabwera msanga, lakuti zimenezo ndi za mayiko olemera. N'zoona kuti ku England malangizo a 2014 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala kumeneko, amati wodwala aliyense apatsidwe mwayi wokumana ndi katswiri wa CBT kosachepera ka 16, ndipo banja lake kosachepera ka 10, pamodzi ndi mankhwala. Ife madokotala akuluakulu a matenda a maganizo tili nawo owerengeka pa zala. Koma dziko lino linachitapo kale chinthu chomwechi, ndipo linachichita bwino moti mayiko ena anabwera kudzaphunzira. Pamene ma ARV aulere anayamba mu 2004, palibe amene ankangopatsidwa botolo pawindo n'kuuzidwa kuti pita. Munthu ankalandira uphungu asanayezetse ndi atayezetsa. Ankabwera ndi gadiyani, onse awiri n'kuphunzitsidwa za mankhwala ndi zovuta zake. Panali magulu othandizana, panali odwala anzawo ophunzitsidwa kulimbikitsa atsopano, achinyamata anali ndi makalabu awo, ndipo wosabwera pa tsiku lake ankalondoledwa mpaka kunyumba. Tinazindikira kuti mankhwala omwa moyo wonse, a matenda amene anthu amasalana nawo, sayenda opanda mawu. Schizophrenia ndi chimodzimodzi, kuwonjezerapo kuti matendawo amagwira chiwalo chomwe munthu amaganizira zomwa mankhwala. Nanga bwanji wodwala uyu yekha ndiye timamupatsa mphindi zitatu?

Ndiponso sikuti pakufunika madokotala a madigiri atatu. Ndondomeko ya mhGAP imene WHO inakhazikitsa mu 2008 inalembedwera mayiko ngati lathu, kuti anamwino ndi azachipatala wamba athe kuthandiza odwala maganizo, ndipo imanena momveka kuti wodwala ndi banja lake aphunzitsidwe za matendawa, athandizidwe kubwerera ku ntchito ndi pakati pa anthu, osati kungolandira mankhwala. Ku India ndi ku Ethiopia anayesa kutuma anthu wamba ophunzitsidwa bwino kuti aziyendera odwala schizophrenia m'makomo, kuphunzitsa mabanja ndi kulimbikitsa odwala, pamwamba pa mankhwala a kuchipatala, ndipo odwala ambiri anayamba kudzithandiza bwino kuposa olandira mankhwala okha. Ife tili ndi alangizi a zaumoyo m'mudzi uliwonse, amene amadziwa khomo lililonse lili ndi mwana wosabayitsa katemera. Muno mu Mzuzu momwe muli koleji ya St John of God imene imaphunzitsa anamwino ndi azachipatala a matenda a maganizo komanso alangizi a uphungu. Anthu akuphunzira. Chimene ndikupempha ndi chakuti boma likhazikitse malo awo a ntchito pa chipatala chilichonse cha boma, liwalembe, ndipo akalembedwa asamathere ku wodi ya amayi oyembekezera chifukwa kwachepa anthu, kiliniki ya maganizo n'kutsala ya mphindi zitatu.

Muwapatsenso chipinda chokhala ndi chitseko chotsekeka. Zikumveka zazing'ono, koma zonse zimene zinapulumutsa mwana wanga zinanenedwa chitseko chitatsekedwa. Ndipo kamodzi pa mwezi, tsiku la kiliniki lomwelo, pamene mabanja tili kale pa benchi kudikira, wina atisonkhanitse kwa ola limodzi atiphunzitse. Sipafunika galimoto kapena alawansi, tabwera kale ndi ndalama zathu. Bungwe la odwala ndi owasamalira la MeHUCA lilipo, ndipo makolo ngati ine tili okonzeka kuphunzitsidwa kuti tithandize anzathu, monga zinachitikira ndi HIV.

Za kusowa kwa mankhwala ndinene mosapsatira. Kangapo tafika pawindo la famase n'kuuzidwa kuti jakisoni kulibe, kapena haloperidol alipo koma benzhexol watha. Kupereka woyambayo popanda wachiwiriyo kwa munthu amene amauma khosi ndi kumuuza kuti asiye kumwa. Ine ndili ndi penshoni, ndimathamangira kufamase ya m'tauni n'kugula. Mayi amene ndinakhala naye pa benchi mwezi wina anachokera kutali, ndalama ya basi anachita kukongola, ndipo anabwerera ndi mwana wake wamkazi chimanjamanja. Mwezi wotsatira sanabwere. Kusintha mankhwala mwadzidzidzi chifukwa awa ndiwo alipo lero kumagwetsanso anthu amene anali ataima. Uphungu wabwino chotani sungagwire munthu amene mankhwala amuthera, ndipo mlangizi amene wakhala miyezi akumulimbikitsa wodwala kuti asadumphitse amasowa chonena pamene wodumphitsa ndi chipatala. Padziko lonse maboma amaika pafupifupi magawo 2 okha pa 100 a ndalama za zaumoyo ku matenda a maganizo. Aphungu athu, pokambirana bajeti, funsani kuti mankhwala a maganizo apatsidwa zingati, ndipo boma lililonse lalandira zingati. Funsani pagulu, tidzamve pa wailesi.

Pa tsiku la kiliniki lomwelo muziwayezanso thupi. Odwala schizophrenia amafa msanga kuposa anthu ena, kawirikawiri ndi matenda a mtima, shuga ndi matenda ena ochizika, ndipo ena mwa mankhwala awo, monga olanzapine, amanenepetsa ndi kukweza shuga. M'zaka 9 mwana wanga anamukweza pa sikelo kosapitirira kanayi. Akadandaula za mutu kapena m'mimba, ambiri amangoti ndi maganizo omwewo.

Asing'anga ndi abusa musawasiye kunja. Ine ndine mkhristu, ndimapemphera, ndipo mwana wanga amaimba kwaya. Anthu sadzasiya kupita kumene ndinapita ine miyezi 8 ija, chifukwa kumeneko amalandiridwa, amakhazikidwa pansi, amamvetseredwa, zimene kuchipatala sazipeza. Ku Nigeria ndi ku Ghana anayesa kugwirizanitsa azachipatala ndi asing'anga komanso atsogoleri a mapemphero, azachipatala n'kumapita komweko kukaona odwala ndi kupereka mankhwala, ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2020, zinasonyeza kuti odwala anapeza bwino kuposa kumene kunalibe mgwirizanowo. Akanakhala kuti sing'anga woyamba uja anauzidwapo kuti mnyamata wofunditsa wailesi bulangeti umutumize kuchipatala lero, mphini uzitema pambuyo, mwina mwana wanga akanamaliza kosi yake. Itanani mabungwe a mipingo, a Chisilamu ndi a asing'anga m'boma lililonse, mugwirizane zinthu ziwiri zokha: osamanga munthu, osamuletsa mankhwala.

Nditamuwerengera kalatayi, mwana wanga anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati ndiwonjezere chinthu chimodzi chochokera kwa iye. Akuti azachipatala akamalankhula, azilankhula ndi iyeyo, osati kumudumpha n'kumafunsa mayi ake ngati iye ndi mpando. Akuti ali ndi zaka 29, amamva, ndipo thupi limene likubayidwalo ndi lake.

Jakisoni wake wotsatira ndi Lachinayi lachiwiri la mwezi wamawa. Tidzafika 6 koloko monga mwa masiku onse, iye atanyamula kabuku kake, ine nditanyamula ndalama yapadera kuopa kuti mwina mankhwala kulibe. Tsiku la kiliniki ngati limeneli lilipo pa zipatala za m'maboma anu onse. Mmodzi wa inu apiteko m'mawa, popanda kudziwitsa, akhale pa benchi mpaka mzere uthe, ayang'ane wotchi munthu aliyense akalowa ndi akatuluka, ndipo afunse mayi amene wakhala naye pafupi ngati pali amene anamufotokozerapo dzina la matenda a mwana wake.

Ine,
Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu